Kiyi Saikidwa pa Tebulo

Mwezi uno pakwana chaka chitisiyireni Mayi Nachisale, koma manja angawa sanawaiwale. Dzana, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, mnzanga wina anaponya makiyi a kabati ya mankhwala pa tebulo, mwendo uli kale pakhomo kuthamangira basi. Ndinamuitana kuti abwerere adzandipatse m'manja. Anabwerera akung'ung'udza, nandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Sindinamufotokozere, poti nkhani yake ndi yaitali, ndipo inayambira kutali, ku chigwa cha Shire, ine ndikukwawa.

Mayi Nachisale anali aafupi, ojintcha, a mawu aakulu osalingana ndi msinkhu wawo. Poyenda ankakoka mwendo wakumanzere, koma ankafika msanga kuposa ife a miyendo yabwino. Anabwera kuno kutsidya kwa nyanja atapuma kale pa ntchito ya boma, kudzalera ana a mwana wawo Tadala, yemwe ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green. Zidzukuluzo zitakula n'kuyamba kuwayankha m'Chingerezi, mayi anafuna ana ena oti aziwakalipira m'Chichewa, ndipo anapeza ife.

Ife ndikunena Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene timapemphera Lamulungu masana m'holo ina ya lendi ku Smethwick, kufupi ndi Cape Hill. Kuseri kwa khitchini ya holoyo kuli kachipinda kopanda zenera, kamene eni ake ankasungamo matsache. Mayi anakapempha, anakakolopa, n'kukatcha dzina lakuti shedi, ngati mashedi aakulu aja osungira chimanga kwathu. Munkakhala ufa, mpunga, nyemba, mafuta ophikira, nsomba za m'zitini ndi matewera, zonse zochita kusonkha. Odyamo anali anthu amene anabwera pa viza yosamalira okalamba, n'kupeza kuti ntchito analonjezedwa ija kulibe, kapena ilipo koma ya apo ndi apo. Viza imeneyo salola nayo kulandira thandizo la boma. Munthu amatha kukhala m'nyumba ya magetsi ndi kapeti, achibale kumudzi akumuyesa bwana, m'mimba muli pululu.

Ine ndinadyamo m'shedimo, sindibisa. Nditangofika kumene, mashifiti atauma, ndinkapita kutchalitchi nditadzola bwinobwino, n'kumaimba mokweza kuposa aliyense. Nthawi ya tiyi ndinkathamangira kukatsuka makapu, kuopa kuti anthu angaone mmene ndingadyere buledi. Sindinkadziwa kuti ku sinki n'kumene mayi ankasakira anthu awo. Ankati wanjala wopanda manyazi amadzionetsa yekha pa mzere, koma wamanyazi ukamufune kotsuka mbale.

"Iwe wa jekete lofiira, ndiwe Nachani?"

"Nankhoma, mayi."

"Nankhoma, tandinyamulira thumba ili. Ukalisunge kwanu, kwathu kulibe malo. Ukaona kuti likufuna kuwonongeka, udye."

Umu ndi mmene ankaperekera. Sankafunsa kuti zakuvuta bwanji, sankafuna kuona pepala lililonse, ndipo wothokoza mopitirira ankamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba.

Komatu musaganize kuti anali ofatsa. Ogulitsa m'masitolo a pa Cape Hill ankawadziwa bwino. Ankafika, n'kupisa dzanja m'thumba la nyemba, kuluma imodzi, kununkhiza ufa, kugogoda chitini. Ufa ukakhala wokhalitsa ankaubweza osatsitsa mawu, mwini sitolo n'kumangoseka, akuwatcha bwana. Ife owanyamulira katundu tinkayang'ana kumbali ngati sitikuwadziwa. M'kwaya ankaimba mawu aamuna, ndipo nyimbo ikathamangitsidwa ankaibweza okha pa liwiro lake, woimba piyano afune asafune.

Kiyi wa shedi ankakhala pakhosi pawo, pa kachingwe kong'ambidwa ku chitenje chakale, mkati mwa juzi. Tadala ankati mayi ake ankasamba naye, kugona naye. Woyang'anira holo, mzungu wina wokalamba wokonda dongosolo, anakhoma misomali pa mzere kuseri kwa chitseko cha khitchini, uliwonse ndi dzina lake, kuti makiyi onse azikolekedwapo. Womalizira unali wa shedi. Kiyi wa mayi sanaukhudzepo msomali umenewo, ndipo mzunguyo anadandaula mpaka anatopa yekha. Lamulo lawo linali lakuti zinthu zitatu, kiyi, chakudya ndi mwana wakhanda, siziikidwa pa tebulo kuti wina adzatole. Zimaperekedwa m'manja, ndipo woperekayo sasiya mpaka atamva kuti wolandira wagwiradi.

Ntchito yathu yosamalira okalamba sanaigwirepo, koma ankatifunsa za iyo ngati oyang'anira. Sankafunsa za malipiro kapena za mabwana. Ankafunsa mmene timasiyirana ntchito, wa usiku akamatuluka, wa masana akulowa. Tikawauza kuti nthawi zambiri timangolemba n'kuthamangira basi, ankagwedeza mutu. Ankati nkhalamba ya m'chipinda chakumapeto imagwa nthawi imene wotuluka wavala kale jekete, wolowa asanavule lake. Mawu amene ankadana nawo koposa anali akuti pakadali pano. Munthu akawatchula pa msonkhano, mayi ankatsokomola dala. Tinkangoti ndi ukalamba, ndipo tinkawaseka kuseri.

Tsiku lina kunamveka pa wailesi kuti dziko lina lolemera, limodzi mwa aja amadinda maina awo pamatumba a chakudya chathandizo, likuchotsa ntchito yotumiza chakudyacho m'manja mwa nthambi ya boma imene inkaigwira, n'kuipereka ku unduna wina. Boma la kuno linali litachita kale zofanana ndi zimenezo m'mbuyomu. Kwa ambiri a ife inali nkhani ya akuluakulu a mataye, yosatikhudza. Anyamata ophunzira a mumpingo mwathu anaikangana pang'ono pa tiyi. Wina ankati unduna wa zaulimi ndiwo ukuchidziwa chimanga, wina ankati njala ya maiko ena ndi nkhani ya akazembe. Mayi ankamvetsera, chala chili pa kachingwe kaja. Potuluka anandigwira mkono.

"Nankhoma, Lachisanu undiperekeze ku surgery."

Ndinaganiza kuti akukachitidwa opaleshoni. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinanong'oneza amayi kuti apemphere, n'kulongedza chikwama: chovala chogonera, masilipasi, Baibulo, phala m'fulasiki. Pokwerera basi mayi anasuzumira m'chikwamamo, n'kuseka mpaka misozi.

"Iwe, ukundiperekeza kukang'ambidwa? Surgery imeneyi ndi tsiku limene phungu wa nyumba ya malamulo amamva madandaulo a anthu. Koma phalalo usataye."

Phunguyo anali mzimayi wocheperapo msinkhu, waulemu, atakhala m'kachipinda ka mu laibulale. Mayi anamuyankhula Chingerezi chija cha kusukulu za mishoni, chowongoka ngati chochita kusita. Anamuuza kuti iwo alibe nazo kanthu kuti chakudya chili pansi pa unduna uti, kaya wa zaulimi, kaya wa zakunja, kaya wa masewera, poti thumba la chimanga silidziwa dzina la nduna. Funso lawo linali limodzi. Pa masiku amene akale asiya, atsopano asanayambe, kiyi amakhala ndi ndani? Anati boma la kuno linasamutsapo kale, choncho likawafunse anzakewo funso limenelo, ndiponso lidzifunse lokha. Phungu anayankha kuti pa kusintha kotero pamakhala dongosolo, n'kutchula maofesi angapo.

"Ofesi ilibe manja, mwana wanga," anatero mayi. "Ndikufuna munthu. Woti lole ikaima pa chipata, amuimbire foni, iye n'kudziwa kuti akuitanidwa ndi iyeyo."

Phunguyo anavomera mosabisa kuti dzina la munthuyo sakulidziwa, nalonjeza kukafunsa. Mayi anamuthokoza chifukwa chosanama. Dziko lolemera lija silinamve n'komwe kuti ku Smethwick kuli mayi wina wovuta, ndipo sindinganene kuti ulendo wathu unasintha kanthu. Koma ine tsiku limenelo ndinadziwa chimene chinkawasowetsa mtendere. Tinakhala pa benchi kunja kwa laibulale, kadzuwa kozizira ka kuno kakutinamiza, tikumwa phala la odwala lija. Anayamba n'kunena kuti chakudya chathandizo chikasamutsidwa chimasanduka mwana wopeza. Bambo watsopanoyo samuda ayi, koma ali ndi ana akeake oti awaone kaye. Kenako anandiuza za aFombe.

Chaka cha chilala chachikulu, chija anthu anadya chimanga chachikasu chochokera kunja, Mayi Nachisale anali mkulu woyang'anira shedi ina ya boma ku chigwa cha Shire. Anali ophunzira, a dipuloma ya zaulimi, mkazi yekha pakati pa amuna. Chimanga chinafika, shedi inadzaza mpaka kudenga. Nthawi yomweyo ku likulu anaganiza zosamutsa ntchito ya thandizo la njala kuchoka ku unduna wina kupita ku unzake. Mayi akaimba foni ku unduna wakale, ankayankhidwa kuti nkhaniyo si yawonso. Akaimba ku watsopano, ankati sinafike m'manja mwawo, pakadali pano adikire. Mapanga awiri avumbwitsa. Malole anaima, chilolezo chogawa panalibe wochipereka, anankafumbwe anayamba kumveka m'matumba. Kunja kwa waya anthu ankakhala tsiku lonse, osapempha, osatukwana, kungoyang'ana denga la malata.

"Nanga bwanji simunangotsegula, mayi? Kiyi munali naye."

"Masiku amenewo kutsegula popanda chilolezo kunali kuba katundu wa boma. Ndende sindinkaiopa kwenikweni. Koma eni chimanga akanamva kuti chabedwa, china sichikanabweranso, ndipo shedi imodzi sikanatifikitsa kokolola. Ndiye ndinadikira. Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanga chitsekocho chikakhala ndi loko wa boma?"

AFombe anali mlonda wa pa shedipo, bambo wachikulire wolera ana amasiye a mlongo wawo. Kachakudya kalikonse kamene ankapeza kankapita kwa anawo. Miyendo inayamba kutupa, iwo n'kumabwerabe ku ntchito ndi chibonga chawo, kulondera matumba amene fungo lake linkawapeza pamphuno. Sanatolepo ngakhale njere imodzi. M'mawa wina sanadzuke.

"Anafa kiyi ali pakhosi panga pano," anatero mayi.

Zimene anachita pambuyo pake n'zimene zimandizizwitsa mpaka lero. Anapita kusiwa, nagwada pamaso pa eni mbumba, kupempha kuti popita kumanda maliro akadzere pa chipata cha shedi, mawu akayankhulidwe pomwepo, poti m'pamene malemu anathera mphamvu zawo. Eni mbumba anavomera. Kenako anatumiza uthenga ku maunduna onse awiri. Chimanga sanachitchulemo. Anangoti wamwalira wantchito wanu. Ankawadziwa anthu a kwathu. Foni ya chimanga munthu akhoza kuizemba, koma uthenga wa maliro suzembedwa, ndipo palibe bwana amene amafuna kumveka kuti anataya wantchito wake ngati galu.

Anabwera mabwana a maunduna onse awiri, aliyense pa galimoto yake, masuti akuda, chipepeso m'manja. Anapeza masamba atayalidwa pamsewu, bokosi lili pa chipata, khamu la anthu owonda litakhala pansi mpaka kutali. Woyendetsa mwambo ataitana a kuntchito, wa unduna wakale anaimirira. Anati aFombe anali munthu wawo, wokhulupirika, ndipo unduna wawo wataya mzati. Wa unduna watsopano sanafune kuchepa. Anaimirira nayenso, nati ngakhale anali atangowalandira kumene, malemuwa anali awo, ndipo imfayi yawakhudza kwambiri.

Asanakhale pansi, mayi anavula kachingwe pakhosi. Anayenda mpaka pakati pa mabwana awiriwo, nagwada pafumbi, kiyi ali m'manja onse awiri.

"Mabwana, tamva tonse kuti mlonda anali wanu. Chimene ankalondera chili umo. Mwini mlonda alandire."

Akuti ngakhale olira analeka. Mabwana anayang'anana, kuyang'ana nsapato zawo, kuyang'ana bokosi. Mayi sanadzuke, sanatsitse manja, dzuwa la kuchigwa likuwawotcha pamutu. Maliro sakanapita kumanda munthu atagwada panjira. Pomaliza mmodzi anatambasula dzanja, ndipo mayi sanamusiye kiyi mpaka atamva kuti zala zagwira. Adzukulu okumba manda anadya chimanga chachikasu tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake malole anayamba kuyenda.

"Anatenga ndi uti, wakale kapena watsopano?" ndinafunsa.

"Wa manja," anandiyankha, akupukuta pakamwa.

Mabwana sakhululukira munthu amene wawagwadira motero. Njala itatha anawasamutsira ku likulu, ku ofesi yowerenga mipando ndi matebulo a boma, ndipo mpaka kupuma kwawo sanapatsidwenso kiyi wa chilichonse. Kiyi wotsatira amene anavala pakhosi anali wa kachipinda ka matsache ku Smethwick. Ndinawayang'ana pa benchi paja, kamayi kovala juzi ziwiri, phala lili pachibwano, ndipo ndinachita nawo mantha, mantha aja umachita ndi munthu wamkulu zedi. Nkhaniyi iwo sankaikamba pagulu, koma ine chinsinsi chimandiyabwa, moti pofika Khirisimasi mpingo wonse unali utaidziwa.

Mdani wawo wamkulu, ngati tingamutche mdani, anali Bambo Chirwa, wowerengera chuma pa kampani ina m'tauni, wapampando wa komiti ya chitukuko ya mpingo wathu. Shedi inali pansi pa gulu la amayi, lotsogozedwa ndi Mayi Zulu a ku Chipata, koma aliyense ankadziwa kuti pa nkhani ya shedi gulu la amayi ndi Mayi Nachisale okha. A Chirwa ankafuna kuti ipite ku komiti yawo, ilembetsedwe, ikhale ndi inshuwalansi, ndipo kiyi asamakhale ndi munthu mmodzi.

"Mayi, with respect, mutu umodzi susenza denga. Tsiku limene mwadwala, what happens? Anthu aime panja pozizira kudikira inu?"

"Komiti yanuyo ili ndi khosi loti ivale chingwechi? Ndionetseni munthu, a Chirwa, ndimupatsa lero lomwe."

Ndinkawakonda mayi, koma a Chirwa sankanama. Linalipo tsiku limene basi inawachedwetsa, anthu n'kuima pa chisanu ndi ana aang'ono, milomo itauma. Mayi ankakhulupirira manja, koma manja amene ankawakhulupirira kwenikweni anali awo okha. Awiriwa ankakangana Lamulungu lililonse, kenako mayi n'kuwapakulira a Chirwa mpunga wambiri kuposa wina aliyense, ati kuti akhale ndi mphamvu zokanganira. Pamapeto pake msonkhano wa mpingo unagamula kuti shedi ichoke kwa amayi, ipite ku komiti zikalata zikangotha. Mayi sanatsutse. Anangofunsa kuti pakati pamenepo kiyi akhala ndi ndani. Anthu anaseka, n'kuwayankha kuti pakadali pano ali ndi inu, mayi, palibe chovuta.

Zikalata zisanathe, mayi anagwa m'khitchini kwa Tadala. Anawatengera ku chipatala chomwe mwana wawo amagwira ntchito, mbali imodzi itafa, lilime litalemera. Anamwino anawavula kachingwe n'kupatsa Tadala, ndipo akuti dzanja lamoyolo linkangopapasa pakhosi. Tadala sakanachoka pambali pa mayi ake. Anaimbira Mayi Zulu kuti adzatenge kiyi.

"Mwana wanga, meeting inatichotsa kale, kudala. Tikatsegula ife, azibambo azakamba ati tikukakamila."

Anaimbira a Chirwa.

"Sister, technically sinakhale yathu. Insurance sinayambe. Wina akadwala ndi chakudyacho, who answers? Tiyeni tidikire handover."

Palibe mwa awiriwa amene anali woipa mtima. Aliyense ankaganiza kuti ndi nkhani ya masiku ochepa, mayi achira, kapena zikalata zitha. Ine nthawi imeneyo kampani inali itandituma ku Stoke-on-Trent kukasamalira nkhalamba ina yogonera konko, ndiye za loko sindinazidziwe. Tadala, mutu uli pa mayi ake, anaika kiyi m'thumba la yunifolomu, ndipo shedi inakhala chitsekere.

Panali mtsikana wina, Esinati, woyembekezera, amene kampani imene ankagwirako ntchito inalandidwa chilolezo chobweretsa antchito, iye ndi mwamuna wake n'kutsala manja lende. Lamulungu lililonse ankalowa kukhitchini, kuyang'ana loko, kenako n'kuyamba kutsuka makapu. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mtsikana wakhama. Munthu amene ankadziwa tanthauzo la sinki imeneyo anali chigonere ku Bordesley Green, ndipo sanabwerekonso.

Mwambo wotsanzikana nawo, thupi lisanakwere ndege kupita kumudzi, unachitikira m'holo yomweyo. Anthu anadzaza, a ku Stoke, a ku Wolverhampton, a ku Coventry, ena atavala mayunifolomu chichokereni ku shifiti. Nditalowa kukhitchini kukasiya mbale ndinamupeza Esinati pa sinki, masaya atalowa, mimba itatsogola. Ndinayang'ana loko, mtima n'kuwawa kawiri. Bokosi linali kutsogolo, ndipo chitseko cha khitchini chinali chotsegula, moti wokhala pa mipando ankaona bokosi uku, loko uku.

Nthawi ya mawu itakwana, Mayi Zulu anaimirira akulira. Anati Mayi Nachisale anali awo, mzati wa gulu la amayi. A Chirwa anatsatira, Chingerezi chonse chitawathawa. Anati ngakhale ankakangana nawo, mayiwa anali mayi awo, ndipo komiti inali itawalandira kale ngati munthu wake.

Ndikhulupirira kuti anawamva okha mawuwo akutuluka, chifukwa anaima asanamalize. M'holo monse munadutsa kaphokoso, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Tadala anali ataimirira kale. Namwino wamkulu ameneyu, wolamula wodi yonse, anayenda mpaka pakati pa awiriwo, nagwada pa matabwa, kachingwe ka chitenje kali m'manja onse awiri.

"Tamva tonse kuti anali anu. Chimene ankalondera chili umo."

Zinali ngati mayi adzuka m'bokosimo kudzamaliza mkangano. Mayi Zulu anaphimba nkhope ndi chitenje. A Chirwa anagwada nawonso, ndi suti yawo yomwe, natambasula manja awiri. Tadala sanasiye msanga. Anawayang'ana kaye m'maso mpaka zala zawo zitagwira. Kenako bambo wa inshuwalansi uja anadutsa pakati pa anthu, mwambo usanathe, n'kukatsegula shedi. Anatuluka atasenza thumba paphewa, ufa ukuyeretsa suti yakuda, n'kuima pakati pa khitchini osadziwa woti amupatse. Mayi Zulu ndi amene anawagwira mkono n'kuwatsogolera ku sinki.

"Esinati, tisungileko thumba ili kwanu," anatero. "Kuno kulibe malo."

Shedi ilipobe. Zikalata zinatha, inshuwalansi ilipo, ndipo a Chirwa anapambana pa chimodzi, poti kiyi sakhalanso ndi munthu mmodzi. Sabata ino ali ndi iwo, yamawa ndi Mayi Zulu, nthawi zina ndi ine. Koma amayenda m'manja, pa kachingwe komwe kaja, kamene tsopano kada ndi thukuta la makosi ambiri. Pa wailesi akuluakulu akadali kukangana za unduna woyenera kusunga chakudya cha anjala, ndipo ndikamva zimenezo dzanja limapita lokha pakhosi.

Mwana wa Esinati akukwawa m'khitchinimo, ndipo palibe womukalipira kuti achoke kumoto m'mawu aakulu aja. Kwaya imathamangitsa nyimbo mmene ikufunira. Mwini sitolo wa pa Cape Hill akuti palibenso womubwezera ufa, ndipo amazinena modandaula. Mpando wapulasitiki umene ankakhalapo pakhomo la shedi, atatambasula mwendo wovuta uja, sitinauchotse, koma wotopa amakhala pa bokosi la zitini. Kuseri kwa chitseko misomali ya mzungu uja idakali pa mzere, uliwonse ndi kiyi wake, wa holo, wa chimbudzi, wa piyano. Womalizira ulibe kanthu, ndipo wayamba kuchita dzimbiri.